Chiarabu cha m'buku chinandichititsa manyazi ku Cairo

Tsiku lomwe ndinatsika ndege ku Cairo mu 1996, ndinkadziona ngati shehe kale. Kumadrasa kwathu ku Mangochi ndinali dolo powerenga Qur'an, moti ondiperekeza ankati, "Uyu akangofika, Aluya akamutenga ngati mbale wawo."

Abale anga, manyazi anandipeza tsiku lomwelo. Nditamuuza dalaivala wa takisi komwe ndinkapita, m'Chiarabu changa chosalala chija, mkuluyo anaseka mpaka misozi, kenaka n'kunena mawu aja timanena shehe akamaliza kuwerenga Qur'an. Kwa iye ndinali kulalikira, osati kuyankhula.

Atandifunsa kwathu, ndinati Malawi. Anandiyang'ana modabwa, poti ku Egypt kuli tauni yotchedwa Mallawi, m'chigawo cha Minya. Za dziko lathu anali asanamvepo n'komwe.

Apa m'pomwe ndinadziwa kuti Chiarabu chili pawiri. Pali Fusha, cha m'mabuku, m'nyuzipepala ndi pa ulaliki wa Lachisanu. Ndiye pali Ammiya, cha pamsika, m'basi ndi m'nyumba. Ine ndikati "kayfa haluk", iwo ankati "izzayak". Khofi amene ndinkamudziwa kuti "qahwa", iwo ankati "ahwa". Buledi si "khubz" ayi, koma "aish", mawu amene amatanthauzanso moyo.

Ku Al-Azhar, sukulu yomwe inayambira mumzikiti womangidwa cha m'ma 970, mabuku onse anali a Fusha. Koma nkhani ikafika pokoma, aphunzitsi ena ankalowa Ammiya, ife alendo n'kungotsala kukamwa yasa. Madzulo ku Madinat al-Bu'uth, komwe tinkagona ndi anzathu a ku Indonesia, Senegal ndi Nigeria, tinkafunsana kuti kodi paja amati chiyani?

Nkhani ya m'mimba nayo inali ina. M'mawa nyemba zotchedwa ful, masana koshari, kumene kuli kusakaniza mpunga, makaroni, tinyemba ting'onoting'ono ndi anyezi wokazinga. Umakhuta ndithu, koma mtima umati sunadye. Mu Januwale kuzizira kwake koposa Dedza. Ana ena mumsewu ankandikuwiza chifukwa cha khungu langa. Pakutha miyezi 4 ndinalemba kalata yowauza bambo kuti ndikubwerera.

Kalatayo sindinaitumize chifukwa cha Ramadan. Tsiku lina dzuwa likulowa ndili kutali ndi kogona, mdala wina wogulitsa ful anandikoka dzanja n'kundikhazika pa thebulo la mumsewu, pomwe aliyense wodutsa amafutulu ulere. Ndinayesa kuthokoza mu Ammiya, n'kulakwitsa. Onse anaseka, mdalayo n'kundikonza, ine n'kubwereza mpaka anawomba m'manja.

Kuyambira pamenepo ndinkakhala pa benchi pake tsiku lililonse ndikaweruka, kakope m'manja. Galamala ndinaiphunzira kwa mashehe, koma pakamwa ananditsegula ndi wogulitsa nyemba amene sukulu sanapite nayo patali.

Tsono inu achinyamata amene mwapeza mwayi wa sikolashipu, Fusha muigwiritse, poti ndi imene mwapitira ndipo imamveka kuyambira ku Morocco mpaka ku Oman. Koma musamangodzitsekera m'chipinda ndi Amalawi anzanu kudandaula za nsima. Tulukani, akusekeni, mufunse, mubwerezenso. Ine amene ndinasekedwa mu takisi, pobwerera kumudzi ndinkachita kunenerera mtengo ndi madalaivala omwewo, iwo n'kumandifunsa kuti kodi kwanu ndi ku Aswan?