Dzina la i7 lisakupusitseni pogula kompyuta

Mwana wa mlongo wanga ali ndi kashopu pa boma la Chongwe, kufupi ndi msewu wa Great East. Amataipira anthu makalata, amasindikiza ntchito za ophunzira a ku Chalimbana University, komanso amakonza zithunzi za ziphaso. Tsiku lina mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Kompyuta imene anamangitsa ku tauni miyezi itatu m'mbuyomo inali itayamba kuzima yokha masana, makasitomala ali pamzere.

"Amalume, koma ndi i7," anatero mobwereza, ngati kuti dzinalo palokha linayenera kuiteteza.

Nditafika ndinapeza bokosi lake lili pansi pa tebulo, kumbuyo kwake kutagunda khoma. Titamasula chivindikiro tinapeza fumbi lofiira litaundana pa fani ngati bulangeti, ndipo kamafuta koziziritsira purosesa kanali katauma gwaa ngati dothi la m'chilimwe. Tinapukuta kachitsulo ka pamwamba pa purosesa n'kuwerenga: i7-2600. Imeneyo ndi purosesa ya mu 2011. Mnyamatayo anaigula pa mtengo wa chinthu chamakono chifukwa cha zilembo ziwiri zokha.

Bodza limeneli likundinyansa, ndipo lafala kwambiri. Mukayenda m'mashopu a zamakompyuta ku Lusaka mudzamva nyimbo imodzimodzi: i3 ndi ya ana, i5 ndi yapakati, i7 ndiye mfumu. Ogulitsa ena amadziwa bwinobwino kuti si zoona, koma amangokhala chete chifukwa bodzalo limawadyetsa. Kampani ya Intel inatulutsa i7 yoyamba mu 2008, ndipo kwa zaka zoposa khumi inkatulutsa mibadwo yatsopano pansi pa dzina lomwelo. Dzinali lili ngati mfunda: agogo ndi mdzukulu onse ndi a Phiri, koma kumunda salima mofanana. Chimene chimanena zoona ndi nambala yotsatira. Mu i7-2600, 2 woyambayo akusonyeza mbadwo wachiwiri. Mu i5-8400 muli mbadwo wa 8, wa mu 2017. Mu i3-12100 muli mbadwo wa 12, wa mu 2022. Ndipo i3 ya mu 2022 imeneyi, imene anthu amainyoza kuti ndi ya ana, imasiya kutali i7 ya mu 2011 pa ntchito iliyonse ya m'shopu, ikudyanso magetsi ochepa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina adzati: nanga bwanji zonse ziwiri zalembedwa magigahezi opitirira atatu? Apa ndiye pali nkhani yokoma, ndipo ndikupemphani muleze mtima.

M'kati mwa purosesa muli kawotchi kamene kamagunda mosalekeza. Akalemba 3.4 GHz ndiye kuti kamagunda ka 3,400,000,000 pa sekondi imodzi. Koma kugunda si ntchito ayi. Taganizani za amayi awiri akusinja chimanga, misi yawo ikutsika nthawi imodzi, mofanana ndendende. Wina ali ndi mtondo waung'ono ndi musi wopepuka, mnzake ali ndi mtondo waukulu ndi musi wolemera. Mukamamvera kugunda kokha muli kuseri kwa nyumba mudzati akulingana, koma pitani mukaone mphale m'lichero. Mapurosesa atsopano amamaliza malangizo ambiri pa kugunda kumodzi kuposa akale, ndiye chifukwa chake nambala ya magigahezi payokha siikuuzani zonse.

Pakugunda kulikonse, timaswichi tating'onoting'ono totchedwa matiransisita timatseguka ndi kutsekeka. Purosesa yoyamba ya Intel, 4004 ya mu 1971, inali nato 2,300. Zamasiku ano zili nato mabiliyoni. Kaswichi kalikonse kakatembenuka kamadya kamphamvu ka magetsi, ndipo mphamvuyo siisowa: yonse imasanduka kutentha. Mukafulumizitsa wotchi, kutentha kumakwera mofulumira kuposa liwirolo, chifukwa pamafunikanso kuwonjezera mphamvu yokankhira magetsi. Khoma limeneli opanga analigunda kalekale. Pentium 4 inafika 3.8 GHz mu 2004, ndipo Intel inasiya pulani yoifikitsa pa 4 GHz chifukwa cha kutentha. Anasintha njira: m'malo mokakamiza wosinja mmodzi kuti athamangitse musi mpaka kukomoka, anayamba kuika osinja awiri, anayi, asanu ndi atatu m'kachitsulo kamodzi. Amenewa ndi amene amawatcha makoo. Anapitirizanso kuchepetsa matiransisita kuti aliyense azidya pang'ono.

Kutentha kuja kuyenera kutuluka. Kumachoka m'purosesa, kudutsa pa kamafuta kaja, kulowa m'chitsulo cha timapiko tambirimbiri chimene fani imapemerera. Njira imeneyi ikatsekeka ndi fumbi, purosesa ikayandikira madigiri 100, imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Zikakanika imazimitsa kompyuta yonse. Izi ndi zimene zinkachitika m'shopu muja. Sanali mavairasi monga anamuuza mnzake wina, ndipo sanali munthu wanjiru womuchitira zamankhwala monga ena oyandikana naye anayamba kunong'ona. Linali fumbi la ku Chongwe, denga la malata ndi dzuwa la Okotobala.

Tinaomba fumbilo, tinapaka kamafuta katsopano, tinakweza bokosi patebulo kuti lizipuma. Linasiya kuzima. Koma vuto lina silipukutika ndi nsalu. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okotobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel yoyambira mbadwo wa 8, kapena AMD Ryzen yoyambira pa 2000 kupita m'tsogolo. Makompyuta ambiri ogwiritsidwapo ntchito amene akulowa m'dziko muno kuchokera kunja ndi omwewo amene maofesi a kumeneko anawachotsa chifukwa sakufika pa muyeso umenewu. Masukulu athu, amene anayamba kulembetsa mayeso a maphunziro a kompyuta ku Giredi 9 mu 2015, achenjere pamene akulandira kapena kugula makina otere.

Za zipangizo zinazo sinditalikitsa. Purosesa iyenera kugwirizana ndi soketi ya motherboard: mwachitsanzo, ya AMD ya soketi ya AM4 siikhala pa AM5, ndipo AM5, imene inatuluka mu 2022, imalandira RAM ya DDR5 yokha. Purosesa ya Intel yokhala ndi chilembo F kumapeto siionetsa chithunzi popanda khadi la magirafiki lapadera. Pa ntchito ya m'shopu RAM ya 8 GB ndi poyambira, 16 GB ndi pabwino. Ikani SSD m'malo mwa hard disk yakale ija yozungulira, mudzaona kusintha tsiku lomwelo.

Koma pali kabokosi kamodzi kamene aliyense amafuna kukagula kotchipa, ndipo apa ndiye ndimadabwa nafe: power supply, kamene kamagawa magetsi m'kompyuta. Ife a ku Chongwe tikuiwala msanga chonchi? Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, m'madera ambiri magetsi a ZESCO ankayaka maola atatu okha patsiku. Magetsi akamazima ndi kubwera mwadzidzidzi, kabokosi kameneka ndi kamene kamalandira nkhonya yoyamba. Kakakhala kachabechabe, kopepuka ngati chitini chopanda kanthu, pakufa sikafa kokha, kamatha kutenga motherboard ndi zonse zolumikizidwa pamenepo. Ndipo amene amayendetsa shopu yake ndi sola ndi inveta aziwerengera mawati: i7-2600 inalembedwa mawati 95, i3-12100 mawati 60. Kusiyana kumeneko kumaonekera pa batire madzulo.

Mwana wa mlongo wanga tsopano akusunga ndalama za UPS, kabokosi ka batire kothandiza magetsi akazima, kenako adzasintha purosesa ndi motherboard pamodzi. Inu amene mukukwera basi ya ku tauni kukagula kompyuta, musalole wogulitsa kungokuuzani kuti ndi i7. Muuzeni aiyatse, akuonetseni nambala yonse pa sikirini, ndipo muiwerenge nokha musanatulutse kwacha imodzi.