Mayina a Mitundu ya Khansa ya M'timatumba ta Mkaka

Khansa ya m'mawere si nthenda imodzi. Mwa anthu 100 aliwonse odwala khansa yolowerera m'bere, 10 mpaka 15 nthenda yawo imayambira m'timatumba topanga mkaka. Khansa imeneyi madokotala amaitcha lobular. Maselo ake amataya puloteni yowamatiriza yotchedwa E-cadherin, motero amayenda mondondozana m'malo moundana. N'chifukwa chake kawirikawiri bere limangolimba popanda m'bulu wogwirika, ndipo mlembi wotcha khansayi "chotupa" angasokeretse mayi amene akufufuza m'bulu wokha.

Khansayi ili ndi mitundu ingapo, koma iwiri ndiyo ifunika mayina msanga. Mtundu wa classic uli ndi maselo aang'ono, ofanana, ochulukana pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri umamva mankhwala oletsa mphamvu ya estrogen. Komabe ungathe kubwereranso ngakhale patapita zaka 10. Wa pleomorphic uli ndi maselo akuluakulu, osiyana maonekedwe. Umakula msanga, ndipo mathero ake kawirikawiri amakhala oipirapo. Pa Chichewa woyambawo ungatchedwe "wa maselo ofanana", wachiwiriwo "wa maselo osiyanasiyana".

Liwu lakuti prognosis lisamasuliridwe kuti "ulosi", pakuti mlosi amanena zosabwezeka. Mawu oyenera ndi akuti "kayendedwe koyembekezeka ka nthenda", popeza mtundu wa maselo sugamula wokha: kukula kwa khansa ndi kufalikira kwake m'mwanabere wa m'khwapa zimawerengedwanso. Wodwala wowerenga "ulosi" angataye mtima, n'kusiya mankhwala amene akanamuthandiza.