Mbiri ya Tauni ya Chilanga

Ana inu, ndi inu aphunzitsi, nkhani yathu ya lero ikutitengera kumwera kwa Lusaka. Mukatsata msewu wa ku Kafue, mudzasiya njira yopatukira ku Lilayi kudzanja lamanzere, ndipo patsogolo pang'ono mudzaona nyumba zazitali zotuwa za fakitale ya simenti. Pamenepo mwafika ku Chilanga, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakati pa mzinda.

Kapena ambiri mwa inu muganiza kuti Chilanga ndi mwana wa Lusaka. Pachiyambi sizinali tero ayi. Pamene njanji inafika kuno m'chaka cha 1905, Lusaka anali kasiteshoni chabe, pamalo athyathyathya pomwe madzi anali kuima nthawi ya dzinja. Boma la atsamunda loyang'anira dera lino linakhazikitsidwa ku Chilanga, pazitunda. Munthu wa mu Lusaka wokhala ndi mlandu anayenera kunyamuka ulendo wa ku Chilanga kuti akaonane ndi bwana wa boma. Koma Lusaka anakula, maofesi anasamukira kumeneko, ndipo mu 1935 anakhala likulu la dziko lonse. Chilanga inatsala m'mbuyo ngati mudzi umene mfumu yake yachoka.

Nanga chinaiutsa nchiyani? Mwala. Pansi pa nthaka ya kuderali pali mwala wa njereza, umene ena amautcha laimu, ndipo ndiwo mayi wake wa simenti. Kampani ya Chilanga Cement inakhazikitsidwa mu 1949, ndipo simenti yoyamba inatuluka mu 1951. Mvetserani bwino m'mene amaipangira. Anthu amaswa mwalawo m'mgodi, makina naupera pamodzi ndi dongo. Ufawo amauotcha m'ng'anjo yaitali yozungulira, pamoto woopsa wofika madigiri 1,450. Taganizani, madzi ophikira nsima amawira pa madigiri 100 okha! M'ng'anjomo mumatuluka timibulu tolimba, ndipo timeneti akatiperanso ndiye simenti imene mumaiona m'matumba.

Mwayi waukulu unadza ndi damu la Kariba, limene linamangidwa pa mtsinje wa Zambezi pakati pa 1955 ndi 1959. Khoma lakelo linadya simenti yochuluka ya ku Chilanga. Amuna anabwera kuchokera kumadera akutali kudzafuna ntchito, nabweretsa mabanja ao. Pamene pali mabanja pafunika nyumba, sukulu, msika ndi chipatala: umu ndi m'mene tauni imakulira. Eni ake a fakitale akhala akusintha. Kampani ya ku France ya Lafarge inaigula mu 2001, ndipo mu 2021 inapita m'manja mwa Huaxin ya ku China, dzina lakale la Chilanga Cement nilibwerera.

Si simenti yokha imene ili kumeneko. Ku Mount Makulu akatswiri a zaulimi amayesa mbeu ndi nthaka. Likulu la nthambi ya boma yosamala nyama zakuthengo lilinso ku Chilanga. Ndipo ena mwa inu munapitako ku Munda Wanga ndi sukulu yanu. Dzina limeneli silifuna womasulira kwa ife. Malowa anayamba ngati dimba la maluwa la munthu mmodzi, Ralph Sander.

Kwa zaka zambiri Chilanga inali pansi pa boma la Kafue. Mu 2012, nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, inapatsidwa boma lakelake, ndipo anthu ake analeka kupita ku Kafue pa nkhani zonse za ku ofesi.

Aphunzitsi, jambulani msewu wa ku Kafue pabolodi, ana aike Lusaka, Lilayi, Chilanga ndi Kafue m'malo mwake. Inu ana, mukafika kunyumba funsani agogo anu ngati pabanja panu alipo amene anagwirapo ntchito ku fakitale ya simenti, ndipo mudzatiuze kumene anachokera.