Tetezani mpanda kuti usawole, koma musaike ana pachiswe

Mpanda wa pakhomo umagwira ntchito yambiri yokhudza umoyo kuposa mmene ambiri timaganizira. Umatchinga mbuzi ndi nkhumba kuti zisafike pachitsime kapena pathandala la mbale, umaletsa mwana wongoyamba kuyenda kuthamangira kumsewu, komanso umabisa munthu posamba. Vuto ndi lakuti kuno ku Mulanje mpanda wa matabwa kapena mapolo osathira mankhwala sukhalitsa. Pofuna kuupulumutsa, mabanja ena amaupaka zinthu zomwe zingadwalitse ana awo omwe.

Chimawoletsa mtengo n'chiyani?

Mtengo umawola chifukwa cha tizilombo ta mtundu wa bowa timene timadya mkati mwake. Tizilomboti timafuna chinyezi, mpweya ndi kutentha pang'ono. Akatswiri a zamatabwa amati thabwa likauma mpaka madzi a mkati mwake kutsika pansi pa magawo 20 pa 100 alionse, siliwola. Choncho ntchito yanu yaikulu ndi kuonetsetsa kuti mtengo ukanyowa uziuma msanga.

Apa ndi pamene Mulanje pamavutira. Boma lino ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno. Mvula ya dzinja ikatha mu Epulo, chiperoni chimabwera ndi mawawa ndi nkhungu m'miyezi yozizira. Kenaka dzuwa la Okutobala limang'amba matabwa, ndipo mvula yotsatira imalowera m'ming'aluyo. Chiswe nachonso chimakonda mtengo wonyowa umene wayamba kufewa.

Mukazula mzati wakale muona kuti waduka polekezera dothi, pamene chinyezi cha pansi chimakumana ndi mpweya. Pamwamba pamaoneka bwinobwino pamene patsinde patatha kale. Mpanda wotere umangodikira mphepo yamkuntho, ndipo amene anaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene mvula ndi mphepo za kuno zimachitira.

Kusankha mtengo

Akuluakulu adzakuuzani kuti mkungudza wa m'phiri la Mulanje suwola msanga ndipo chiswe chimauthawa. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake unadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Mtengowu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala mbande zina. Wina akakutsatsani matabwa a mkungudza, kanani.

Bulugamu wokhwima amachita bwino pa mizati kusiyana ndi paini, amene amawola msanga akakhudza dothi. Mbali yofiirira ya pakati pa mtengo ndi yolimba kuposa yoyera ya kunja, choncho pewani timitengo tanthete. Sendani makungwa onse chifukwa amasunga madzi ndi tizilombo, ndipo sanjani mitengoyo pamthunzi popita mphepo, mosagunda pansi, kwa masabata angapo. Nsungwi dulani zokhwima, m'chilimwe, kuti zisafumbwe msanga.

Kamangidwe kothamangitsa madzi

Njira zotsatirazi sizifuna mankhwala alionse.

Waulani tsinde la mzati pamoto mpaka kunja kude ngati khala, kuyambira kumapeto mpaka masentimita 30 pamwamba pa polekezera dothi. Njirayi imathandiza ndithu, ngakhale siyifanana ndi mankhwala a ku fakitale.

Pansi pa dzenje thirani miyala ing'onoing'ono kuti madzi asadikhe. Ngati mukuthira simenti, musatseke kunsi kwa mzati, ndipo pamwamba ikhale yotsetsereka kuti madzi azithawa mtengo.

Dulani nsonga za mizati mopendekera, kapena zivindikireni ndi kachidutswa ka lata kopinda bwino m'mbali. Kumapeto kwa thabwa ndi kumene kumamwa madzi kwambiri.

Siyani mpata wa masentimita osachepera asanu pakati pa matabwa ndi dothi, komanso timipata pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa.

Lambulani udzu ndi zinyalala m'mbali mwa mpanda, kumbani ngalande yotaya madzi a padenga ndi a kubafa, ndipo musaunjike nkhuni pampanda.

Ngati mukupaka

Pakani m'miyezi youma, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Dontheza madzi pang'ono pathabwa: akalowa msanga, thabwa lauma ndipo lilandira mafuta kapena penti. Kupaka thabwa lonyowa kumatsekera chinyezi mkati. Mafuta a linseed, vanishi wa panja ndi penti amachepetsa madzi olowa m'thabwa, koma muyenera kubwereza pakatha chaka kapena ziwiri. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zimatha kuyaka zokha zikaunjikidwa, choncho ziyanikeni motambasula panja kapena ziviikeni m'madzi.

Pogula penti, funsani wopanda lead. Penti wina wamafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi lead, amene amaononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono popanda zizindikiro zoonekera msanga. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa lead m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza.

Zitatu zoyenera kusamala nazo

Choyamba ndi oyilo wakuda wotsala m'galimoto kapena m'chigayo. Ambiri amamukonda chifukwa sagula, koma ali ndi zitsulo zapoizoni ndi mankhwala ena oyambitsa khansa ya pakhungu kwa amene amawakhudza kawirikawiri. Mvula imamukokolera m'dothi, m'dimba ndi m'chitsime chosazama. Mwana amagwira mpanda kenaka n'kuika chala mkamwa.

Chachiwiri ndi creosote, mankhwala akuda onunkha phula amene mumawaona pa mapolo ena a magetsi. Amawotcha khungu ndi maso, ndipo bungwe lofufuza za khansa la IARC linawaika m'gulu la zinthu zomwe zikuoneka kuti zimayambitsa khansa. Sayenera kupakidwa pampanda wa pamalo osewerera ana, pakhola kapena pafupi ndi madzi akumwa.

Chachitatu ndi matabwa obiriwira othiridwa mankhwala a CCA, omwe muli arsenic. Dziko la America linasiya kuwagwiritsa ntchito pa zomanga zambiri za pakhomo kumapeto kwa 2003. Zidutswa zake musasonkhere moto, musawotchere chimanga kapena nyama, ndipo phulusa lake musathire m'dimba, m'chimbudzi kapena kuchezera chidulo.

Mankhwala alionse oteteza matabwa amene mwagula m'sitolo, werengani malangizo ake, valani magolovesi, pakirani panja, ndipo ana asayandikire mpaka ziume. Musawasunge m'botolo la zakumwa.

Ngozi ikachitika

Mwana akamwa parafini, thinners kapena mankhwala a matabwa, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Akasanza, mankhwalawo amatha kulowa m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala cha boma cha Mulanje, cha Mulanje Mission kapena chilichonse chapafupi, mutatenga chigubu cha mankhwalawo. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Akagwera pakhungu, vulani zovala ndi kusambitsa ndi sopo. Mungathenso kuimbira ku Chipatala Cha Pa Foni.

Mpanda wowola umasiyanso misomali poyera. Kafumbata amayamba ndi tizilombo tokhala m'dothi ndi m'ndowe, timene timalowa kudzera pabala lakuya. Munthu akabayidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, musathirepo dothi, phulusa kapena oyilo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi buku lake la kuchipatala kuti tione ngati akufunika katemera. Makanda amalandira katemera woteteza ku kafumbata ali ndi masabata 6, 10 ndi 14.

Kwa inu odzipereka pa zaumoyo

Poyendera makomo, onjezani mpanda pa zimene mumaona. Kankhani mzati uliwonse, ndipo bayani patsinde ndi msomali kapena mpeni: ukalowa mosavuta, mzatiwo usinthidwe mvula isanayambe. Yambani ndi mipanda ya pachitsime, pamjigo, pabafa ndi pasukulu ya mkombaphala.

Kumene mizati ikuthera chaka ndi chaka, limbikitsani mpanda wamoyo. Nthambi za gliricidia zimaphuka zikazikidwa m'nyengo ya mvula, ndipo masamba ake amawonjezera chonde m'nthaka. Nkhadze yokha ipeweni pamene pali ana, chifukwa utomoni wake umawotcha maso.