Kamphaka kobwera kokha m'dimba la kuseri kwa nyumba

Okutobala akafika mu Blantyre dzuwa limaswa mtengo, ndipo udzu wonse umasanduka fumbi. Koma mukasuzumira kuseri kwa nyumba zambiri ku Machinjiri, Chirimba kapena Chilomoni, mupeza kamalo kobiriwira kotchingidwa ndi bango kapena masaka akale. Mumakhala mabedi awiri kapena atatu a mpiru, repu ndi chayinizi, anyezi m'mphepete, ndi bonongwe wodzimerera yekha amene munthu wanzeru sazula. Timadimba timeneti sitimveka pa misonkhano ya zaulimi, koma ndi timene timagwira banja pamene mwezi wafika pakona, ndalama ya ndiwo itatha.

Pakhomo pena ku Machinjiri pomwe tinakacheza, ntchito yapabwalo siikata. Bambo a pakhomopo ndi mlonda, amagona m'mawa, ndipo madzulo amakhala ali ndi chokhoma. Chaka chino amanga thandala latsopano, akweza khola la nkhuku kuti lisalowe madzi, kenaka akumba ngalande kuzungulira nyumba. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, amene anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche, anthu okhala m'malo otsetsereka sachitanso chibwana ndi ngalande.

Dimba lili m'manja mwa mayi, ndipo nkhondo yawo yaikulu ndi madzi. Madzi ambiri a mumzindawu amachokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera mapiri. N'chifukwa chake palibe amene angatsegule mpopi n'kumathirira masamba mwachisawawa. Mayiwa amasunga madzi otsukuluzira mbale ndi otsukira mpunga, amathirira dzuwa likapepa, ndipo pamabedi amayalapo udzu wouma kuti chinyezi chisathawe. Pomwe pali miyala anaikapo matumba odzaza dothi, n'kuboola m'mbali, n'kuwokeramo mbande za matimati. Manyowa ndi a Mbeya: madeya, phulusa, zitosi ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba losalowa mpweya, n'kudikira masiku 21.

Koma walira mvula walira matope. Madeya a nkhuku ndi a manyowa aja anaitana makoswe. Anayamba ndi kuboola matumba, kenaka sopo wa kubafa, mapeto ake anapiye awiri anapezeka m'mawa atadyedwa. Bambo ankafuna kugula tameki, poizoni uja amagulitsidwa mobisa m'timapepala pamsika. Mayi anakana kwamtuwagalu, ndipo ife tikugwirizana nawo. Tameki sasankha. Amapha khoswe, nkhuku yotola nyamboyo, galu wa aneba, ngakhale mwana wokwawa.

Mkanganowo uli mkati, ana anamva kulira pansi pa mulu wa njerwa zomwe zikudikira kumangira khitchini. Kanali kamphaka kakuda, kowonda, maso odzaza manthongo, kokwana m'chikhatho.

Agogo a pakhomopo sanafune n'komwe kukaona. Kwa iwo mphaka wobwera yekha, wakudanso, ndi wotumidwa, ndipo anauza adzukulu kuti akakataye kudambo dzuwa lisanalowe. Maganizo amenewa si a agogo okha. Amphaka ambiri aphedwa ndi miyala m'makwalalamu chifukwa chowaganizira zaufiti. Komatu chimene chimatuma kamphaka kotere n'chodziwika. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere asanakwane miyezi 6, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, ndipo amaswa kangapo pachaka. Mwini wake akatopa amalonga ana m'thumba n'kukawasiya kumtsinje kapena kudzala. Wopulumuka amalondola fungo la chakudya, ndipo pakhomo pamene pali nkhuku ndi makoswe ndi pomwe amafikira.

Ana sanakakataye. Anakabisa m'katoni kuseri kwa thumba la makala, ndipo mayi anadziwa koma anangoyang'ana kumbali. Poyamba ankakapatsa mkaka wa ng'ombe, koma kanayamba kutsegula m'mimba, poti amphaka ambiri sagaya bwino mkaka umenewu. Chinakadzutsa ndi bonya wowiritsa wopanda mchere, wosinja pamodzi ndi tinsima, komanso madzi akumwa m'chivundikiro cha botolo.

Katangopeza mphamvu kanayamba ndi dimba. Dothi lofewa la panazale linasanduka chimbudzi chake, ndipo mbande za mpiru zinkapezeka zitafukulidwa. Apa mayi anatsala pang'ono kugwirizana ndi apongozi awo. Nkhaniyi si ya mbande zokha ayi. Chimbudzi cha mphaka chimatha kukhala ndi tizilombo toopsa kwa mayi woyembekezera ndi mwana ali m'mimba, choncho sichiyenera kulowa m'manyowa, ndipo masamba a m'dimba lotere ayenera kutsukidwa bwino. Bambo ndi amene anapeza njira. Anazika timitengo tothinana pamabedi, pamwamba pa nazale n'kuyalapo nthambi zaminga, kenaka anathira mchenga pakona ya mpanda. Kamphaka kanasankha mchenga. Anapiye otsala amagona m'dengu lovundikira mpaka atakula, chifukwa mphaka ndi mphaka basi.

Pano kakula ndithu. Khoswe wamkulu sikanagwirebe, koma mbewa zazing'ono kamazisiya pakhonde, ndipo phokoso la usiku kudenga lachepa. Agogo sanasinthe mawu awo, kungoti ana akuti mitu ya usipa ya m'mbale mwawo siifikanso kudzala.

Chotsala ndi chimene mabanja ambiri amaiwala. Chiwewe timachidziwa ngati matenda a agalu, ndipo n'zoona kuti anthu ambiri amachitenga kwa galu. Bungwe la Mission Rabies litayamba ntchito mu Blantyre mu 2015 linabaya katemera agalu oposa 35,000 m'chaka choyambacho. Koma mphaka nayenso amadwala chiwewe ndipo amapatsira, makamaka wotoledwa amene sitidziwa anakumana ndi zotani kutchire. Katemera amayamba mphaka akakwana miyezi itatu. Madokotala a ziweto amathanso kufula wamphongo kapena kutseka wamkazi, kuti chaka chamawa pasadzapezeke thumba lina kumtsinje.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi mphaka wosadziwika, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Ngati kamphaka kafika pakhomo panu ndipo mwaganiza zokasunga, pitani nako kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kakabayidwe katemera ana asanazolowere kugona nako.