Kobiri lobowola lidandidyera ndalama ya feteleza

Agogo anga atamwalira, m'kachitini kawo ka fodya tidapezamo sheleni ya 1964, nkhope ya Kamuzu mbali imodzi, chimanga mbali inayo. Chidwi changa chosonkhanitsa ndalama zakale zachitsulo chidayambira pamenepo.

Sipadapite nthawi ndidapusitsidwa. Mnyamata wina ku Limbe adandikokera kuseri kwa sitolo n'kundionetsa kobiri lobowola pakati, lija la njovu ziwiri la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ati n'losowa, azungu akulisaka usana ndi usiku. Linkanyezimira ngati lasulidwa dzulo. Ndidapereka ndalama ya thumba la feteleza, mayi akunyumba osadziwa.

Patatha miyezi ndidalitengera kwa bambo wina wachikulire wogulitsa zinthu zakale mu Blantyre. Adalitembenuza pansi pa galasi lokulitsa zinthu, n'kupukusa mutu. Kobirilo n'lenileni, adatero, koma otere adasulidwa mamiliyoni pakati pa 1955 ndi 1963. Choipa china, langali wina adalikwecha kuti liwale, zomwe zimagwetseratu mtengo, poti odziwa amafuna ndalama yokhala ndi khungu lake lakale.

Kwa bamboyu n'komwe ndimagula tsopano. Sandifulumizitsa. Zilema za ndalama amazitchula okha ndisanazione, amaiyeza pasikelo ine ndikuona, amandilembera lisiti, ndipo ndikaikayikira amalola ndibweze. Tsiku lina adandikaniza kugula sikisipensi ya tambala ya 1964 yomwe idali m'sitolo mwawo momwe, ati yaperepeseka kwambiri, ndidikire ina. Ndidadikira miyezi isanu.

Kobiri lija ndidalimangirira kumakiyi anjinga.