Phunziro 6: Kumanga regulator ya mpweya wa carbon dioxide pa thanki yowetera makorali

Chiyambi

Mphunzitsi mnzathu, mukatsekula botolo la zoziziritsa kukhosi mumamva kuti tsss, kenako timathovu timathamangira pamwamba. Mpweya umenewo ndi carbon dioxide, womwe uja umatulutsa thovu mu mgolo wa mowa wamasese. Mu phunziro lino tiona anthu amene amaugwiritsa ntchito posungunula miyala. Mwina simudzawetako makorali moyo wanu wonse, koma chipangizo chawochi chikuthandizani kuphunzitsa za asidi, za mphamvu ya mpweya wopanikizidwa ndi za kugwira zida mosamala.

Zolinga

Pomaliza phunziroli muyenera kutha kufotokoza ntchito ya calcium reactor, kutchula zigawo za regulator ndi kuzisanja mwa dongosolo lake, kuyesa ngati mpweya ukuthawa, komanso kuchita ndi ophunzira anu kafukufuku woonetsa zomwe zimachitika mkati mwa reactor.

Chifukwa chiyani makorali amafuna chipangizochi?

Makorali ndi tinyama ta m'nyanja yamchere timene timakhala pamodzi n'kumadzimangira mafupa olimba ngati mwala. M'chigawo chathu chino amapezeka kugombe la Mozambique, monga ku zilumba za Bazaruto ndi Quirimbas, komanso ku Sodwana Bay ku South Africa. Mafupa awo ndi a calcium carbonate, ndipo zomangira zake amazitenga m'madzi. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 420 a calcium pa lita imodzi, ndipo makorali sangawamalize. Koma amene amaweta makorali mu thanki yagalasi amakhala ndi madzi ochepa. Makorali akamakula calcium amatsika, ndipo akapanda kubwezeretsedwa kukula kumaima, mapeto ake makorali amafa.

Calcium reactor ndi chigubu chotsekedwa bwino, chodzaza ndi timiyala ta calcium carbonate, kawirikawiri ta mtundu wa aragonite. Madzi a m'thanki amazungulira m'chigubumo, ndipo carbon dioxide amalowetsedwamo pang'onopang'ono. Mpweyawo ukasungunuka m'madzi umapanga asidi wofooka wotchedwa carbonic acid. pH ya m'chigubu imatsika kufika pakati pa 6.5 ndi 6.8, timiyala tija timayamba kusungunuka, ndipo madzi odzaza calcium amadonthera m'thanki.

Vuto lagona apa. Madzi a m'thanki yeniyeniyo ayenera kukhala ndi pH ya pakati pa 7.8 ndi 8.4. Mpweya ukachuluka, timiyala timasanduka phala, asidi amasefukira m'thanki, ndipo zamoyo zimene munthu waweta zaka zambiri zikhoza kutha usiku umodzi. Woletsa ngozi imeneyi ndi regulator.

Zigawo zake

Mu silinda, carbon dioxide amakhala wamadzimadzi, ndipo pamalo otentha madigiri 20 mphamvu yake imakhala pafupifupi mabar 57. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabar 2 basi. Ndiye taganizani kusiyana kwake. Regulator imatsitsa mphamvuyo kufika pakati pa bar 1 ndi mabar 2. Ili ndi mageji awiri: ina imaonetsa mphamvu ya mu silinda, inayo mphamvu ya mpweya wotuluka.

Kuchoka pa regulator, mpweya umadutsa mu solenoid, yomwe ndi valavu yotseguka ndi magetsi. Magetsi akazima imatseka yokha. Zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa nthawi imeneyo pampu imakhala itaima, ndipo mpweya ukanangodzazana mu reactor. Kenako pali needle valve, kavalavu kokhala ndi nsonga ngati singano, kamene kamalola timathovu towerengeka chabe. Check valve imaletsa madzi kubwerera m'mbuyo, pakuti madzi amchere akafika mu solenoid amaidya ndi dzimbiri. Pomaliza pali bubble counter, kabotolo ka madzi koonekera mkati, momwe mumawerengera timathovu.

Ntchito 1

Musanapitirire, tsekani bukuli. Jambulani silinda ndi zigawo zonse mwa dongosolo lake mpaka pa reactor, ndipo pansi pa chigawo chilichonse lembani chimene chingachitike chitachotsedwa.

Kamangidwe

1. Imikani silinda chilili ndipo imangirireni kukhoma ndi tcheni kapena lamba. Ikagona, mpweya wamadzimadzi umalowa mu regulator n'kuiwononga. Isakhale padzuwa, ndipo chipindacho chikhale chopita mphepo, chifukwa carbon dioxide ndi wolemera kuposa mpweya wamba, amadikha pansi ndipo sanunkha.

2. Onani ngati nati ya regulator ikugwirizana ndi mazinga a pa silinda. Ku America amagwiritsa ntchito muyeso wa CGA 320, pamene m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi DIN 477 nambala 6. Zikakana kulowana musakakamize ayi.

3. Lumikizani solenoid potulukira mpweya pa regulator, kenako needle valve pa solenoid. Pa solenoid pamakhala kamuvi kapena chizindikiro cholozera kumene mpweya ukupita, chitsatireni. Pa mazinga oonda kunsonga kulungani tepi yoyera ya mapulambala katatu, molowera kumene muvi wa wotchi umapita. Siyani mazinga awiri oyambirira opanda tepi. Kachidutswa ka tepi kakaduka n'kulowa mkati, kamakatseka needle valve kapena kulepheretsa solenoid kutseka bwino.

4. Ikani check valve pakati pa needle valve ndi bubble counter, ndipo ambiri amaikanso ina pafupi ndi reactor. Gwiritsani ntchito paipi yopangidwira carbon dioxide, chifukwa timapaipi tofewa ta silikoni timataya mpweyawu.

5. Ikani washala mkati mwa nati yaikulu, mangani nati pa silinda ndi dzanja, kenako limbitsani ndi sipanala. Apa tepi siyofunika, chotseka mpweya ndi washalayo.

6. Masulani chogwirira cha regulator mpaka chilekere, tsekani needle valve, imani chakumbali kwa mageji, ndipo tsekulani silinda pang'onopang'ono. Geji yoyamba ikakhazikika, potozani chogwirira chija mpaka geji yachiwiri ifike pa bar 1.

Kuyesa ndi kuchuna

Yatsani solenoid, needle valve ili chitsekere, ndipo pakani thovu la sopo polumikizira paliponse. Pamene thovu likufufuma ndi pamene mpweya ukuthawira. Mukakonza, tsekani silinda, lembani manambala a pa mageji, n'kusiya usiku wonse. M'mawa akakhala atatsika, padakali potayira.

Zonse zikakhala bwino, tsekulani needle valve mpaka muziona kathovu kamodzi pa masekondi 2 kapena 3. Yezani pH ya madzi otuluka mu reactor, yezaninso calcium ndi alkalinity m'thanki. Ambiri amasunga alkalinity pakati pa 7 ndi 11 dKH. Sinthani chinthu chimodzi chokha, dikirani tsiku lathunthu, kenako yezaninso. Akuluakulu amati kuthamanga sikufika. Amene ali ndi pH controller amalumikizako solenoid, kuti mpweya uzidulidwa pH ikatsika mopitirira.

Chenjezo lina ndi ili: geji yoyamba imanamiza. Malinga ngati mu silinda mudakali mpweya wamadzimadzi, nambala yake siitsika. Ikangoyamba kutsika, dziwani kuti mpweya watsala pang'ono kutha. Pa nthawi imeneyi regulator ya siteji imodzi ikhoza kukweza mphamvu ya mpweya wotuluka, mpweya wambiri n'kukhuthukira mu reactor. Ya masiteji awiri imapewa zimenezi. Njira yodalirika yodziwira mpweya wotsala ndi kuyeza silinda pa sikelo.

Ntchito 2: Reactor ya m'kalasi

Simufunika silinda kuti ana aone zonsezi. Thirani supuni imodzi ya laimu wopaka makoma mu lita imodzi ya madzi, khutchumulani, ndipo siyani usiku wonse. M'mawa tsanulirani pang'ono madzi oyera apamwamba mu kapu yoonekera mkati, n'kuonjezamo madzi wamba olingana nawo. Wophunzira mmodzi auzire m'madzimo ndi kabango. Muuzeni kuti asayamwe, ndipo asamale maso. Madzi aja ayera ngati mkaka: calcium carbonate wapangika. Apitirize kuuzira, kapena thiranimo soda wopanda shuga. Madzi ayambanso kuoneka mbee, chifukwa carbon dioxide wochuluka wasungunula timiyala tija. Mwaona? Zomwezi ndi zimene zimachitika mu reactor.

Afunseni ana funso ili: ngati mpweyawu umasungunula mafupa a makorali m'chigubu, nanga ukachuluka m'nyanja? Kuyambira pamene mafakitale anayamba kutentha malasha ambiri zaka za m'ma 1800, pH ya pamwamba pa nyanja zamchere yatsika kuchoka pafupifupi 8.2 kufika pafupifupi 8.1, ndipo izi zimachititsa kuti makorali azivutika kumanga mafupa awo. Musawapatse yankho msanga, alekeni akambirane kaye.

Mwachidule

Taona kuti calcium reactor imabwezeretsa calcium m'thanki posungunula timiyala ndi carbon dioxide, ndipo kuti regulator ndi mavalavu ake zimasandutsa mphamvu ya mabar oposa 50 kukhala timathovu towerengeka. Chitani Ntchito 2 ndi kalasi lanu, lembani tsamba limodzi la zimene ana anaona ndi mafunso amene anafunsa, ndipo litumizeni kwa mlangizi wanu pamodzi ndi chojambula cha Ntchito 1.